Tifunseni: za pa mbaula ndi za m'dimba la kuseri kwa nyumba

Makalata a mwezi uno achuluka a anthu ophika opanda uvuni ndi a alimi a masamba a m'tauni. Tisanayambe, tigwirizane za miyeso. Tikati kapu, tikunena ya mamililita 250. Tikati supuni, ikhale yosalaza pamwamba, osati yochita phiri.

Ndilibe uvuni, keke ndimaphikira pa mbaula. Nthawi zonse imapserera pansi, koma ndikaidula m'kati mumakhala ngati phala. Ndikulakwitsa pati?
Mayi wa ku Ndirande, Blantyre

Mayi, moto wonse mukumauika pansi. Uvuni umazinga keke ndi kutentha mbali zonse, pamene mbaula imawotcha malo amodzi okha. Ndiye chofunika n'kuchepetsa moto wapansiwo n'kuukweza pamwamba.

Pezani poto wamkulu woti chitini cha keke chikalowa patsale mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Pansi pake thiranipo mchenga wouma bwino, wokwana masentimita 3. Wonyowa ayi, chifukwa umatulutsa nthunzi ndipo keke imatuluka ngati mkate wa m'masamba a nthochi. Vundikirani potoyo ndi chivindikiro chachitsulo chophwatalala, makala muwagawe patatu: magawo awiri pamwamba pa chivindikiro, limodzi lokha pansi mu mbaula. Makalawo akhale oti ayaka kale mpaka ayamba kuyera phulusa, asakhale a malawi. Poto atenthe mphindi 15 keke isanalowe. Kuti mudziwe ngati wafikapo, wazani fulawa pang'ono pa kachivindikiro ka chitini, muike pa mchengapo n'kuvundikira. Fulawayo akafiira ngati pamwamba pa sikono pakatha mphindi 5, kutentha kuli pafupi ndi madigiri 180, komwe keke imafuna. Akada msanga, chotsani makala ena a pansi.

Keke yoyenera chitini cha masentimita 20 ndi iyi: makapu 2 a fulawa, kapu imodzi ya shuga, magalamu 125 a majarini, mazira 3, theka la kapu ya mkaka, masupuni a tiyi 2 a baking powder ndi kamchere. Takasani majarini ndi shuga ndi mthiko mpaka ziyere, ndipo musataye mtima apa, n'zotenga mphindi 8 kapena 10. Mazira alowe limodzilimodzi. Fulawa akalowa, takasani pang'ono chabe kuti asaonekenso, basi. Mukapitiriza kutakasa keke imalimba. Chitini chisadzaze, mukachigawa patatu, gawo lapamwamba likhale lopanda kanthu.

Musavundukule mphindi 25 zoyamba zisanathe, ngakhale mtima ukuyabwe bwanji, chifukwa mpweya wozizira ukalowa keke imafota pakati. Chomwe mungachite n'kuzunguza poto pakatha mphindi 20, poti mphepo imakoleza makala mbali imodzi. Pa mphindi 40 lasani pakati ndi mpeni woyera. Ukatuluka wouma, phulani. Ukatuluka ndi phala pamene pamwamba pafiira kale, chotsani theka la makala apamwamba, mudikire mphindi 10 zina. Zonsezi zichitikire pakhonde kapena m'khitchini yolowa mphepo. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma m'nyumba yotseka umapha.

Chikondamoyo changa chimatuluka chachikasu kwambiri, chowawa ngati sopo, ndipo chimanyenyeka ndikamadula. Ana akuchikana.
Mayi wa ku Mchinji

Soda wachuluka, mayi. Ambiri amathira soda ndi diso ngati akuphika therere, koma chikondamoyo sichikhululuka ngati therere. Soda amatupitsa akakumana ndi chinthu chowawasa monga chambiko kapena madzi a mandimu. Amene watsala wosapeza chowawasa ndi amene amawawa m'kamwa n'kusintha mtundu wa chakudya. Muyeso wake ndi theka la supuni ya tiyi pa kapu imodzi ya chambiko.

Yesani izi: makapu 2 a ufa wa mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, nthochi 4 zakupsa kwambiri (zija zayamba madontho akuda), kapu imodzi ndi theka ya chambiko, masupuni akulu 4 a shuga, masupuni akulu 3 a mafuta ophikira, dzira limodzi, theka la supuni ya tiyi ya mchere, ndi soda wosadzaza supuni ya tiyi imodzi. Yambani n'kuviika mgaiwa mu chambiko kwa mphindi 20 kuti misere ifewe. Kenako thirani nthochi zokanya, shuga, mafuta ndi dzira. Soda mumusefe pamodzi ndi fulawa kuti asaunjikane malo amodzi, ndipo alowe pomaliza, poto atatentha kale, popeza amayamba ntchito nthawi yomweyo. Mukasiya zosakanizazo theka la ola mukukoleza moto, mphamvu yotupa imakhala itatha. Chimapsa pakati pa mphindi 35 ndi 45.

Za kunyenyeka, chimanga chilibe kaulimbo kaja kamene kali mu tirigu. N'chifukwa chake taikamo fulawa ndi dzira. Alipo amene amati chikondamoyo chothira fulawa si chenicheni. Ali ndi mfundo, koma ayenera kuvomera kuti chawocho chimadyedwa ndi supuni. Musachidulenso chili chotentha.

Chambiko akasowa, thirani supuni yaikulu ya madzi a mandimu mu kapu ya mkaka, mudikire mphindi 10. Mukakhala ndi baking powder, soda safunikanso, popeza chowawasa chilimo kale: supuni ya tiyi imodzi pa kapu iliyonse ya ufa, ndi mkaka wamba.

Mandasi anga a geni akumwa mafuta kwambiri, ndipo mu Juni satupa bwino.
Mtsikana wa ku Mzuzu

Chemwali, mandasi amamwa mafuta akalowa mafutawo asanatenthe. Ponyanimo kachidutswa ka mtanda: kakayandama msanga kakuchita thovu, yambani, kakakhazikika pansi, dikirani. Musaponyenso ambiri nthawi imodzi, amaziziritsa mafuta. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa, paketi imodzi ya yisiti ya magalamu 10 ndi yokwanira, shuga asapitirire magalamu 200, madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Otentha kwambiri amapha yisiti. Kuzizira kwa Mzuzu kumachedwetsa yisiti, ndiye musawonjezere wina chifukwa mandasi adzanunkha mowa. Vundikirani beseni ndi chitenje, muliike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, mudikire ngakhale maola awiri mpaka mtanda ukule kawiri.

Mpiru ndi repu wanga wadzaza tizilombo totuwa kunsi kwa masamba, ndipo masambawo akupindika. Komanso mpiru ndikadzala mu Okutobala umangothamangira maluwa.
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Tizilomboto ndi nsabwe za m'masamba, bambo. Zimayamwa madzi a mbewu ndipo zimaswana msanga kunja kukauma. Zimakondanso masamba ofewa kwambiri a mbewu zimene zathiridwa fetereza wa yureya mopitiriza, choncho ngati mwakhala mukuthira sabata iliyonse, lekani kaye. Masamba amene adzaziratu athyoleni mukawakwirire kutali.

Otsalawo apopereni ndi madzi a nimu. Sinjani kilogalamu imodzi ya masamba aawisi a nimu, muwaviike mu malita 5 a madzi usiku wonse, m'mawa musefe ndi kansalu. Sungunulanimo sopo wa mtanda, kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi, kuti madziwo amatirire pa tsamba. Tsamba la repu ndi loterera, madzi opanda sopo amangotsetsereka. Sopo waufa wochapira musayerekeze, amawotcha masamba. Poperani madzulo, mukutembenuza masamba kuti madzi afike kunsi kumene nsabwe zili, ndipo mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7, katatu. Kupopera kamodzi n'kusiya ndi kumene kumapangitsa anthu kunena kuti nimu sagwira ntchito. Mukaganiza zogula mankhwala a m'sitolo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole ndiwo, ndipo muwatsatire. Masamba amene mumathyola pafupifupi tsiku lililonse sagwirizana ndi mankhwala otere.

Funso lachiwirilo si la matenda. Mpiru, repu ndi chainizi zimachita bwino nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukatentha, nthaka n'kumauma, mpiru umaleka kuchita masamba n'kuthamangira kubereka njere, ndipo umawawa. Mungauchedwetseko pophimbira nthaka ndi udzu wouma, kuthirira m'mawa ndi madzulo ndi kumanga kachisakasa ka udzu kotchinga dzuwa la masana. Koma kunena zoona, mu Okutobala n'kwanzeru kudzala zimene zimakonda kutentha: bonongwe, nkhwani, chitambe, kholowa ndi therere lobala. Bonongwe amayamba kudyedwa pakangotha masabata atatu kapena anayi, ndipo safuna kunyengerera.

Tomato wanga akuda kunsi asanapse, masamba ali bwinobwino. Anzanga akuti ndi chiwawu, ndigule mankhwala.
Bambo wa ku Zomba

Sungani ndalama zanu. Ngati kwada ndi kunsi kokha, kumene kunali duwa, ndipo pakudapo pauma n'kulowa m'kati, si chiwawu ndipo palibe mankhwala opopera amene angachize. Chipatsocho chasowa mchere wa kashiamu pamene chimakula. Nthawi zambiri mcherewo umakhala ulimo m'nthaka, koma umayenda ndi madzi, ndiye mukathirira kwambiri lero n'kusiya masiku anayi, chipatso chimaperewedwa. Thirirani mofanana: kheni imodzi ya malita 10 pa malo a mita imodzi mbali zonse, pakatha masiku awiri aliwonse, kapena tsiku lililonse kukatentha kwambiri. Phimbirani nthaka ndi udzu, koma usakhudze tsinde. Zipatso zakudazo zichotseni, sizingabwerere.

Chiwawu chimaoneka mosiyana. Chimabwera kukachita chinyontho ndi kuzizira, monga nthawi ya dzinja kapena chiperoni, chomwe kwanuko sichisowa. Masamba amachita mawanga ofiirira ngati athiridwa madzi otentha, tsinde limada, ndipo m'masiku owerengeka munda wonse umakhala ngati wawauka ndi moto. Mankhwala monga Dithane M45 ndi a kopa amateteza mbewu isanagwidwe, sadzutsa yomwe yagwidwa kale. Pochipewa, okerani mbande motalikirana masentimita 60, zikani timitengo n'kumangirira, thyolani mphukira za m'khwapa mwa masamba zikadali zazing'ono, dulani masamba onse okhudza nthaka, ndipo madzi azithiridwa patsinde, osati pa masamba. Tomato asabwerere pa malo amene panali tomato, mbatatesi, tsabola kapena biringanya, popeza n'za banja limodzi ndipo zimasiyirana matenda m'nthaka.

Ndimakhala m'nyumba ya lendi, pabwalo ponse ndi simenti. Kodi ndingalime masamba?
Mayi wa ku Chilinde, Lilongwe

Mungalime m'matumba, ndipo posamuka amakwera nawo galimoto. Tengani thumba la makilogalamu 50. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino. Pezani chitini choboola mbali zonse ziwiri, muchiimike pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, dothi mulithire kuzungulira, kenako mukweze chitinicho n'kubwereza mpaka pamwamba. Pakati pamatsala mzati wa miyala, ndipo ndi pamene muzithirira kuti madzi afike mpaka pansi. Boolani thumba m'mbali, mabowo atalikirane masentimita 15 ndipo asayang'anizane mzere ndi mzere, mulowetsemo mbande za repu kapena mpiru zamasamba anayi. Thumba limodzi limatenga mbande 20 kapena kuposerako pang'ono, pamwamba n'kuikapo anyezi. Limafuna malita 3 mpaka 5 pa tsiku ndi dzuwa la maola osachepera 6. Madzi otsukira mpunga, ndiwo kapena otsukuluzira zovala ndi abwino. Amene ali ndi Jik, mafuta kapena ochapira matewera, atayeni kwina.

Phulusa la mbaula, makoko a nthochi ndi zikamba za mazira zimandichulukira ndikaphika. Ndizithire m'dimba?
Mayi wa ku Balaka

Thirani, koma chilichonse ndi njira yake. Phulusa la makala kapena nkhuni lili ndi chakudya cha mbewu chotchedwa potashi ndipo limachepetsa kuwawasa kwa nthaka, koma ndi lamphamvu: dzanja limodzi kapena awiri pa mita imodzi mbali zonse, kamodzi pa nyengo, mulisakanize ndi dothi masabata awiri musanaokere. Lisagwere pa mbande, ndipo musalithire pamodzi ndi yureya kapena zitosi za nkhuku zaziwisi, chifukwa chakudya cha masamba chimathawa ngati mpweya, fungo loswa mphuno lija. Phulusa limene mwawotcheramo mapulasitiki lisafike m'dimba.

Makoko a nthochi apite m'dzenje la kompositi pamodzi ndi masamba ouma, udzu ndi ndowe, muzithira madzi pang'ono n'kutembenuza pakatha masabata awiri aliwonse. Manyowa apsa akada, akaleka kutentha m'kati ndiponso akayamba kununkhira ngati dothi la m'nkhalango, zomwe zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Zikamba za mazira zimachedwa kwambiri kuwola. Ziumitseni pa chivindikiro cha poto mukamaliza kuphika keke, makala akadali ofunda, muzisinje mpaka zikhale ufa, ndiyeno muziwaze mu kompositimo.