Asisi, funsani kaye kuti 10 koloko yakeyo ndi ya dziko liti

Asisi a intavyu ya ntchito ya pa Teams (pulogalamu yolankhulirana pa vidiyo) Lachinayi, ndangowerenga positi yanu yofunsa mmene mungakonzekerere mtima n'kuyamba kugunda ngati woitanidwayo ndine. Anzathu m'makomentimu akuuzani za kuvala bwino ndi kumwetulira, sindikutsutsa, koma ine ndikuti tsegulani kaye imelo imene akutumizirani muone ngati alemba kuti nthawiyo ndi ya kuno kwathu kapena ya kwawo. Ine zinandionekera mu 2022 ndipo mpaka lero ndikakumbukira thukuta limatuluka.

Inali ntchito ya mu akaunti ku bungwe lina lomwe lili ndi ofesi ku Lilongwe koma oona zolemba anthu ntchito amakhala ku Nairobi. Mayi wa kumeneko ananditumizira linki n'kulemba ndi dzanja lake kuti Lachiwiri 10:00, basi. Akanatumiza kudzera pa kalendala bwenzi foni itasintha yokha nthawi, koma ayi, anangotayipa. Ine osadziwa kuti Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, iwo ikamakwana 10 ife kuno ili 9. Mukumbukire kuti chaka chimenecho ndi chomwe namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale, magetsi tinkangowaona ngati alendo. Ndiye ndinakonza bwinobwino kuti hafu pasiti 9 ndikwere njinga yamoto ndipite kwa asuweni anga omwe ali ndi sola, komweko ku Machinjiri, mphindi khumi zokha. Masiku anayi ndikuwerenga, mayankho ndaloweza, jekete ndasita dzulo lake ndi simbi ya makala.

Itangopitirira 9 koloko, ndikuchokera kubafa, chitenje m'chifuwa, mutu uli ndi duku, foni kulira. Nambala yoyamba ndi +254. Mayi uja, mawu ouma gwa, akuti mabwana akhala akundidikira, kodi ntchitoyi ndikuifunabe? Abale inu. Ndinangoti mundipatse mphindi ziwiri. Ndinavala jekete pamwamba pa chitenje chomwecho, mafuta osadzola, nkhope ili mbuu. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Laputopu yobwereka, batire yake yokalamba yosatha ngakhale theka la ola. Ndinayatsa hotspot pa foni, kuika laputopu pa tebulo la pabalaza, kumbuyo kwanga zenera, ndiye pa sikirini ndinkangooneka chimthunzi chakuda ngati mboni yobisidwa nkhope pa TV.

Kulowa muja, anthu anayi, onse makamera ozimitsa. Ndikungoona timabwalo tokhala ndi zilembo za maina awo. Ine anandiuza kuti yanga ikhale yoyaka nthawi yonse. Ndisanapume n'komwe, mayi uja n'kuuza anzakewo, ine ndikumva, kuti mwa onse amene aitanidwa ndine ndekha ndachedwa, ndipo kusunga nthawi kumaonetsa khalidwe la munthu. Ine m'malo monena kuti pepani koma imelo yanu sinatchule za nthawi ya ku Kenya, ndinayamba kupepesa ngati ndagwidwa ndikuba nkhuku. Pepani, pepani, katatu konse. Chimandiwawa kwambiri n'chimenecho.

Funso loyamba ndinayankha bwino ndithu. Lachiwiri linali la momwe ndimafananitsira mabuku a ofesi ndi sitetimenti ya ku banki, ntchito imene ndaigwira zaka zisanu, ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kufotokoza. Ndili pakati pofotokoza za macheke omwe sanapite ku banki, foni ija kulira, alamu anga akufuna kufunsa za chipereganyu. Foni itangolira intaneti inaduka, chifukwa mafoni ambiri akamalandira kuitana data imaima kapena kutsika. Ine osadziwa. Ndinalankhula ndekha mwina mphindi yathunthu, manja ndikuponya uku ndi uku, ndikufotokozera laputopu yoti yauma kalekale. Itabwerera ndinangomva bambo wina akuti kaya wapita kuti ameneyu. Ndiyambirenso, laputopu phii, yazima.

Ndinathamangira pa foni. Teams mulibe, ikufuna ndiyambe ndaikamo. Ndinaima pakati pa balaza ndikuyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono ngati nkhono, misozi ili m'maso. M'nyumba netiweki inkavuta, ndiye ndinatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango, pamene imagwira bwino. Nditalowanso, kamera inayamba ndi ya kumbuyo. Choyamba chimene mabwana aja anaona ndi mapazi anga mu patapata, chitenje chonyowa ndi beseni la mbale za dzulo. Nditembenuze kamera, mayi wogulitsa masamba akudutsa pamsewu, mpiruuu, chisosooo, tomatooo, ndiponso tambala wa aneba osafuna kutsalira. Wina mwa iwo anaseka, sanazimitse maiki. Sindidziwa kuti anali ndani poti nkhope zawo sindinazione, koma kuseka kumeneko ndimakumvabe.

Anangondifunsa limodzi lina lachiphamaso n'kuti zikomo, tikudziwitsani pakatha sabata ziwiri. Ndinakhala pansi pamtengo pomwepo ndi jekete langa, kutsegula imelo ija, kuiwerenga kasanu. Palibe pomwe panalembedwa EAT, chidule cha nthawi ya kum'mawa kwa Africa, palibe Nairobi, palibe chilichonse. Madzulo ndinawalembera mwaulemu, ndi sikirinishoti yomwe, kupempha ngati angandipatse mpata wina. Zii. Patatha mwezi ndinalembanso. Zii mpaka lero, ngakhale ka imelo kokana komwe amatumizira aliyense. Munthu walakwitsa ndiwe, wandichititsa manyazi pamaso pa mabwana ako kuti udziyeretse, kenako n'kukhala chete ngati sunandionepo. Ndipo anthu amenewa amakhala mu ofesi ya jenereta, intaneti ya kampani, khofi ali pambali, n'kumayeza munthu amene wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Akamati tikufuna anthu a m'dziko momwemo amaganiza kuti tikukhala kuti? Mayi ameneyo ndinamukhululukira pakamwa pokha.

Ndiye asisi, lero lomwe ayankheni imeloyo, mulembe kuti ndikutsimikiza 10 koloko nthawi ya ku Malawi, CAT, kuti akhale ndi chowagwira. Johannesburg, Lusaka ndi Harare tili nthawi imodzi, pamenepo palibe vuto. Nairobi, Kampala ndi Dar es Salaam ali patsogolo ndi ola. London ndiye yosokoneza, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo maola awiri. Mupemphenso nambala ya munthu woti mumuimbire zikaduka. Teams muike pa foni ndi pa laputopu pomwe, muyese ndi mnzanu mawa, osati Lachinayi m'mawa. Foni ya hotspot isakhale imene abale amakuimbirani, bwerekani ina, ndipo mukhale ndi bandulo pa mizere iwiri, TNM ndi Airtel, wina ukafooka mulumphire kwina. Musagule yongokwanira, vidiyo imadya, ine sindilowa ndi yochepera 2GB. Zenera likhale kutsogolo kwanu kuti kuwala kugwe pankhope. Laputopu muikweze pa mabuku kuti kamera ifanane ndi maso, apo ayi adzakhala akukuyang'anani m'mphuno. Poyankha muziyang'ana kakamera kaja, osati nkhope yanu, ngakhale ndikudziwa n'kovuta, tonse timadziyang'ana. Muvale zomvera za m'makutu zija zili ndi maiki, zimachepetsa phokoso la panja.

Valani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nsapato zomwe. Ndanena ine wa patapata. Komanso musachite kudzivutitsa nazo zovalazo, munthu amene wakonza kale zoti akukane adzakukanani ngakhale mutavala suti ya ukwati. Wina akakunamizirani ngati mmene anandichitira ine, musapepese, nenani zoona zake pomwepo. Koma osakangana nawo ayi, ntchito mukuifuna ndinu, kapepani kamodzi sikapha munthu, mungomeza n'kupitiriza. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati ndikudzitsutsa, inunso mudzaona mukafika pamenepo.

Ngati muli ndi m'bale wa sola kapena ofesi yabata, kagoneni komweko Lachitatu, musadalire za kunyumba. Ngakhale kunena zoona ntchito ndili nayo panoyi ndinaipeza ndili kuchipinda kwanga konkuja, foni nditaitsamiritsa pa ndowa yovundikira pamwamba pa mpando, osaloweza yankho ndi limodzi lomwe chifukwa ndinali nditataya kale mtima. Magetsi anazima tili pakati, ndinangowauza kuti kwathu azima, mayi amene ankatsogolera n'kuseka kuti nawonso ali pa jenereta, tinapitiriza. Ana ndinawatumiza kwa aneba ndi ndalama ya zigumu, alamu anga ndinawabuloka tsiku lonse, mpaka pano sadziwa.

Taonani imeloyo mutiuze kuti yachokera dziko liti, tikuwerengereni nthawi pompano.