Yankho kwa amalume pa za asilikali a America ku Korea

Eee amalume, mwadzuka bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu uja, mumafunsa ngati anthu kuno ku South Korea sakwiya poona asilikali a America m'dziko mwawo, komanso ngati akufunabe kubwererana ndi abale awo a kumpoto ku North Korea. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungatalike.

Asilikaliwo alipodi, pafupifupi 28,500, ndipo ambiri amakhala ku msasa wa asilikali wa Camp Humphreys mumzinda wa Pyeongtaek. Paja nkhondo ya pakati pa kumpoto ndi kum'mwera ya 1950 mpaka 1953 sinathe kwenikweni. Anangosainirana zosiya kuwomberana, pangano la mtendere kulibe mpaka lero. Ndiye agogo amene anaiona nkhondoyo, mukawauza kuti aAmerica azipita kwawo, amakuyang'anani ngati mutu wanu sukugwira. Amati pakanapanda iwowo, bwenzi likulu la dziko lino, Seoul, lili m'manja mwa banja la Kim lolamulira kumpoto.

Koma kuwawidwa mtima kulipo, amalume. Mu 2002 galimoto yankhondo ya aAmerica inaponda atsikana awiri a sukulu ku Yangju, n'kufera pomwepo. Asilikali awiri amene anali m'galimotomo anakaweruzidwa kukhoti la asilikali anzawo, n'kupezeka osalakwa. Anthu anadzaza misewu ya Seoul makandulo ali m'manja. Mu 2017 alimi a ku Seongju nawonso anakana kwamtuwagalu zida za aAmerica zogwetsera mizinga ya adani, zotchedwa THAAD, m'dera lawo. Chinthu china chimene chimawapweteka n'chakuti nkhondo itati ibuke mawa, wolamula magulu onse, a Korea omwe, angakhale mkulu wa asilikali wochokera ku America. Ineyo ndimaona kuti ambiri amawafuna alendowa, koma sakondwa kuti akuwafuna.

Za kubwererana ndiye n'zovuta. Malire oyamba anadulidwa mu 1945 ndi America ndi Soviet Union, eni dziko osafunsidwa. Mabanja anagawika pakati. Komaliza kuwakumanitsa kunali mu 2018 ku phiri la Kumgang, nkhalamba zikulira, masiku atatu okha basi n'kusiyananso. Amene atsala akutha ndi ukalamba.

Achinyamatawa ayi. Anzanga a m'kalasi amangoti, tikagwirizana, ndalama zokonzera kumpotoko alipira ndani? Anyamata amatayako kale miyezi 18 ku usilikali wokakamiza, ntchito ikusowa, nyumba ku Seoul n'zodula zedi. Mtsogoleri wa kumpoto, Kim Jong Un, nayenso mu 2024 ananena poyera kuti za umodzi wazisiya, kum'mwera ndi adani basi.

Ndasiyira pomwepa, sitima yanga yafika. Mupereke moni kwa azakhali.