Ukwati m'miyuziyamu? Nkhani yagona pachitseko

Mayi wina wa m'komiti yomwe ikufuna kumanga nyumba yosungiramo zinthu zakale kwawo wanditumizira imelo: "Tiikemo holo yobwereketsa maukwati ndi misonkhano, kapena kutero n'kunyazitsa malowo?" Amayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinali tcheyamani wa komiti ya ukwati wa mphwanga, ndipo ndine ndinakakamira kuti madyerero akachitikire kumalo otere. Dzina sinditchula. Holo ndi chipinda cha zinthu zakale zinali ndi khomo limodzi, ndipo wopita kuchimbudzi ankadutsa pakati pa makabati. Pelekanipelekani atafika pachimake, DJ anakweza, magalasi a makabati n'kuyamba kunjenjemera. Ana anasandutsa kabati ya mikanda tebulo lodyerapo mpunga wa nkhuku. Kenako amalume ena, zitawalowa, anapeza ng'oma yakale pakona n'kuyamba kuisasantha. Chikopa chouma chija chinangoti phwaa! Mlonda anangogwira kumutu. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Koma musaganize kuti ndikuti musabwereketse. Ayi ndithu. Amene amati miyuziyamu ndi malo opatulika sanagwirepo bilu ya magetsi. Tindalama ta pakhomo ta ana asukulu sitingagule ndi penti yomwe. Ngakhale ku London, Natural History Museum amabwereketsa holo yawo yaikulu ya Hintze Hall, anthu n'kumadya pansi pa mafupa a namgumi otalika mamita 25, amene anawapachika kudenga mu 2017. Ine chimandisangalatsa n'chomwecho: chinthucho chili m'mwamba, aliyense akuchiona, koma palibe malume angachifikire. Kuno, ku Chichiri Museum ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1966, kuli masitima akale a malasha panja. Zitsulo ngati zimenezo siziopa Fanta, akwati angajambulitse pomwepo mpaka dzuwa kulowa. Zoopa anthu ndi nsalu, mapepala, zikopa ndi zosemasema.

Ndipo mdani wamkulu si woledzera ayi, ndi nyenyeswa. Zimaitana mphemvu ndi mbewa zapanyumba, makoswe amene, ndipo akamaliza mpunga amayamba zikopa. Mpweya ndi thukuta la chikhamu cha anthu ovina zimabweretsanso chinyontho, nkhungu n'kumera.

Ndiye muchite chiyani

Holo ikhale ndi khomo lakelake lochokera panja, zimbudzi zake, ndi khitchini kumbuyo kuti ophika asadutse ndi mapoto m'kati. Pakati pa holo ndi zinthu zakale pakhale khoma lenileni ndi chitseko cha loko, kiyi asunge wogwira ntchito pamalopo, osati a komiti ya ukwati. Masipika akhale kutali ndi khoma limenelo. Musaiwale kachipinda kosungiramo mipando ndi malo a jenereta. Ndipo muzilandiriratu ndalama ya chikole. Ife sanatiuze za chikole, ndiye ya ng'oma ija inatuluka m'thumba mwanga, mwezi wa fizi.