Musayambe ndi machubu, funsani kaye mwini malo

Achemwali, zoti mukufuna kuyamba kagulu kobzala mitengo m'mbali mwa mtsinje kwanuko ndaziona ndipo mtima wangondiwawa. Musathamangire machubu ofeseramo mbande ndi mbewu ayi, funsani kaye kuti malowo ndi a ndani, ndipo yankho lake likhale papepala lodinda chidindo.

Ifetu kuno kumunsi kwa phiri la Soche tinayamba ndi mtima wonse. Amayi a m'dera, anyamata a mpira, a kwaya, tonse tinkatunga madzi a nazale ndi ndowa zathu, tinabzala mbawa, katope, mkuyu ndi nsungwi m'mphepete mwa kamtsinje kathu, mmwamba motsetsereka tinaikamo udzu wa vetiva. Kunabweranso mtsikana wina wa ku koleji yemwe ankachita kafukufuku wake, ndi amene anatiletsa bulugama, akuti amamwa madzi kwambiri ndiye si wa m'mbali mwa mtsinje. Mtengo uliwonse anaumangirira kachitsulo ka nambala, ana athu ankauyeza ndi tepi nkumalemba m'kope kuti watalika bwanji, wauma ndi uti, chiswe chadya pati. Mpaka mbalame anawaphunzitsa kuwerenga mmamawa, mwana wanga yemwe sankadzuka msanga ankadzuka yekha.

Ndiye tsiku lina ndikupita kumsika ndikungomva phokoso la zikwanje. Kufika pamenepo anyamata aganyu ali kalikiliki, mbawa zija zinali zitandipitirira kale msinkhu, zonse zili gwa pansi masamba akadali obiriwira, wina akusadza nthambi nkumaunjika pambali kuti zidzawotchere njerwa. Dothi la m'mbali mwa mtsinje akumba dzenje kufika m'chiuno, zikombole zili apo, matope akupondedwa. Tizitsulo ta manambala tija tili mbwee m'matope, ine kumatola kamodzikamodzi manja akunjenjemera, osadziwa kuti ndikatani nato. Agogo ena omwe ankathirira tsiku ndi tsiku ngakhale miyendo imawavuta anangokhala pansi nkugwira kukamwa. Bambo wake wa malowo ataima potero ndi makiyi a galimoto, akuti ndinagula ine, muli ndi pepala lanji inu? Tinalibe. Tinali ndi mawu a pakamwa basi a munthu yemwe anatiloleza, yemwenso tinamva kuti ndi amene analandira ndalamazo, ndipo tsikulo foni yake inali yothima.

Koma amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi a bungwe lina lomwe linabwera tsiku lobzala ndi matisheti, zakumwa ndi makamera. Anajambula, nkuika pa Facebook kuti pulojekiti yawo, alawansi anagawana okhaokha. Titawaimbira kuti mitengo ikudulidwa akuti pulojekitiyo inatsekedwa, palibe bajeti. Mxii. Chikwangwani chawo chokha ndi chimene chinatsala chili chiimire.

Ndipo musaiwale zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche nkukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali mkati. Sindikunena kuti timitengo tathu tikanaimitsa zimenezo, koma munthu amene anaona maliro aja nkumakumbabe m'mbali mwa mtsinje ine sindimumvetsa. Taonani Ndirande mmene linayerera, pomwe nkhalango ikadalipo ku Lilongwe kuja m'mbali mwa Lingadzi komwe kuli Wildlife Centre pakati pa tawuni penipeni. Malo amakhala akakhala ndi owalondera.

Ine ndinalumbira kuti sindidzagwiranso khasu pa malo a gulu. Koma inu pitirizani, musagwe ulesi ndi zanga. Pitani kukhonsolo ndi ku ofesi ya zankhalango, amfumu asayine anthu akuona, mujambule ndi foni. Mabungwe musawakhulupirire, komabe apezeni ndithu chifukwa machubu ndi mawilibala nokha simungakwanitse, ndipo ophunzira a ku koleji ngati mtsikana uja muwakokere pafupi, kope la manambala lija ndi umboni wokhawo womwe tinatsala nawo. Nyengo yobzala imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo koma musadikire mwambo wa akuluakulu, bzalani mvula ikangokhazikika, za mu Malichi zambiri zimauma chilimwe. Pomwe pali zitsa zophukira musazule, tengulirani nkusiya mphukira ziwiri kapena zitatu, zimakula msanga kuposa za m'chubu poti mizu ilipo kale. Lambulani njira yotchinga moto isanafike Ogasiti, anyamata osaka mbewa sachedwa. Mbuzi nazo muzikambirane ndi eni ake poyamba pomwe. Mukapeza pepalalo mundiuze ku inbox, mbewu ya mbawa ndikudziwa kokatola.