Funsani Azakhali: Ana Akuombera M'manja Percy Jackson, Akatswiri Akukwinya Nkhope

Funso: Azakhali, ndimakhala ku Luton, ku England. Mtsikana wanga wa zaka 13 anandiumiriza kuti tikaonere sewero loimba la The Lightning Thief ku The Other Palace, mu London. Iye anatuluka akuimba, ine makutu akulira ndi magitala. Kenako ndinawerenga kuti olemba nyuzipepala ku New York analinyoza koopsa. Akunena zoona ndani? Nanga nkhani za milungu ya Agiriki sizingamusokoneze mwana wopemphera?
Mayi wa ku Luton

Yankho: Mayi, mwana wanu sanapenge, ndipo olembawo sananame. Kungoti aliyense ankayeza seweroli ndi muyezo wake.

Poyamba tiwathandize anzathu amene sakulidziwa. Seweroli linachokera m'buku la Rick Riordan la mu 2005. Percy, mnyamata wa zaka 12 amene kuwerenga kumamuvuta ndipo sakhazikika m'kalasi, amatulukira kuti bambo ake ndi Poseidon, mulungu wa nyanja. Asanazimvetse n'komwe, akumunamizira kuti waba mphezi ya Zeus, mfumu ya milunguyo, ndiye ulendo wauyamba ndi anzake awiri, Annabeth ndi Grover, mpaka kudziko la akufa kwa Hades. Nyimbo zake anapeka Rob Rokicki, ndipo n'za rock yeniyeni, ng'oma ndi magitala osanyengerera. Makutu anu akuchitira umboni.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mu 2017 seweroli linkachitikira mu Lucille Lortel Theatre ku New York, kaholo ka mipando yosakwana 300, ndipo kumeneko akatswiri analiyamikira. Linalowa nawo ngakhale pa mndandanda wopikisana pa mphoto za Drama Desk, zoperekedwa kwa masewero a ku New York. Ochita sewero anali asanu ndi awiri okha, akusinthasintha zovala kuti akhale milungu, zilombo ndi aphunzitsi. Pofuna kusonyeza madzi akuphulika m'zimbudzi, ankatenga makina ouluzira masamba n'kupemerera pepala la kuchimbudzi pamitu pa oonera. Ana ankafa nazo kuseka.

Mu Okutobala 2019 analipititsa ku Broadway, dera la maholo akuluakulu a masewero ku New York komweko, mu Longacre Theatre, holo ya mipando yoposa 1,000, matikiti nawonso a mtengo wa kumeneko. Koma zovala zomwe zija, pepala lomwe lija. Apa m'pamene nyuzipepala zinalusa, The New York Times ili patsogolo: phokoso lachuluka, nkhani ikuthamanga, zoikidwa pabwalo n'zosaukira holo yotere. Tchipisi cha pachiwaya n'chokoma, koma akakugulitsani pa mtengo wa kuhotela mumayamba kuwerenga zidutswa. Pamenepo ine ndili kumbali ya akatswiriwo.

Pamene ndasiyana nawo ndi pa funso lakuti seweroli n'la yani. Ana okonda mabuku a Percy anali ndi chilonda. Makanema awiri a mu 2010 ndi 2013 anamukulitsa Percy msinkhu n'kupotoza nkhani, moti Riordan mwiniwake sanabise kuti sanakondwe nawo. Atabwera ku seweroli anapeza Percy wawo uja, wanthabwala, wokwiyira bambo amene sanamulere. Riordan, amene anali mphunzitsi, anayamba kusimba nkhaniyi pofuna kusangalatsa mwana wake yemwe ankavutika kuwerenga. Mwana amene wakhala akutchedwa mbuli m'kalasi akamva kuti vuto lakelo ndi chizindikiro cha mphamvu, sasamala kuti lupanga ndi lapulasitiki. Munthu wa zaka 60 amene ntchito yake ndi kuonera masewero mlungu uliwonse amaona pulasitikiyo basi.

Chipongwe chachikulu chinabwera pa mphoto za Tony, zomwe ndi mphoto zapamwamba za masewero a ku Broadway. Covid itatseka maholo mu Malichi 2020, The Lightning Thief linali sewero loimba lokhalo la nyengo imeneyo lokhala ndi nyimbo zatsopano. Ena onse ankabwereka nyimbo zotchuka kale. Komabe silinasankhidwe pa mphoto ngakhale imodzi, ndipo ya nyimbo zopekedwa bwino inapita kwa A Christmas Carol, sewero lolankhula wamba. Kumeneko ndiye kunali kumenya galu n'kubisa ndodo. Okonda seweroli anadandaula pa intaneti, ndipo ndikuwamvetsa.

Za milungu musade nazo nkhawa. Zeus ndi Poseidon a mu seweroli ndi makolo osasamala, okanganakangana, ndipo ana amawaimba mlandu poyera. Palibe amene amatuluka m'holomo akufuna kuwapembedza. Mwina chimene mungamufunse mtsikana wanu n'chakuti Luke, mnyamata amene anabadi mphezi ija, anakwiya chifukwa chiyani. Yankho lake likhoza kukuuzani zambiri kuposa za Agiriki.

Inuyo ngati mukufuna nthano ya Chigiriki yosagonthetsa makutu, pali Hadestown ya Anaïs Mitchell, imene inafika ku Lyric Theatre mu London mu 2024. Imeneyi akatswiri ndi oonera anagwirizana, ndipo inatenga mphoto za Tony 8 mu 2019. Ndi nkhani ya Orpheus, amene amatsikira kwa Hades kukatenga Eurydice, n'kuuzidwa kuti asacheuke mpaka atatuluka. Mutenge kampango kopukutira misozi, Mayi, chifukwa mnyamatayo amacheuka.