Siyani pulseIn(), ntchitoyo muipereke kwa Timer1

Achimwene, mwati sensa yanu imatulutsa siginolo ya pafupifupi 1 kHz, koma mukayeza nthawi ya mkombero umodzi ndi pulseIn() pa Arduino Uno manambala akungodumphadumpha. Musafulumire kuida sensayo.

pulseIn() imayeza mbali imodzi yokha, ya HIGH kapena ya LOW. Mukaphatikiza ziwirizo ndiye kuti mwalumikiza zidutswa za mikombero yosiyana, komanso pulogalamu yonse imaima chilili kudikira. Ena angakuuzeni za interrupt (kudukiza pulogalamu kwa kamphindi chinthu chikachitika) ndi micros(), yomwe imapereka nthawi m'ma microsecond. Zimatheka ndithu, koma pa Uno micros() imawerenga modumpha ma microsecond anayi, ndiye pa siginolo yanuyo mungaphonye ndi 0.4 peresenti musanayambe n'komwe.

Ine ndingati lumikizani waya wa siginolo ya sensayo pa pini 8, yomwe ndi ICP1 (pini ya input capture, yokopera nambala ya Timer1) ya ATmega328P, chipu ya pa Uno. Timer1, chowerengera cha mkati mwa chipuyo, imangowerenga payokha, ndipo siginolo ikangokwera, nambala yomwe yafikapo imakopedwa mu ICR1, malo ake osungira nambalayo, nthawi yomweyo, ngakhale pulogalamu itatanganidwa ndi zina. Kwanu n'kungochotsa nambala yakale pa yatsopano mu interrupt ya input capture. Prescaler (nambala yogawira liwiro la wotchi) ikakhala 1 pa wotchi ya Uno ya 16 MHz, kugunda kumodzi ndi ma nanosecond 62.5, kotero mkombero wanu udzapereka pafupifupi 16,000. Timer1 ndi ya ma bit 16, imabwerera pa ziro ikadutsa 65,535, pakatha ma millisecond 4.096. Zimenezo zisakuopseni: manambala onse awiri akakhala uint16_t (nambala ya ma bit 16 yosatsika pansi pa ziro), kuchotserako kumatuluka bwinobwino bola mkomberowo usatalike kuposa pamenepo. Siginolo ikatsika kufika cha m'ma 244 Hz, sinthani prescaler ikhale 8, mudzayeza mpaka ma millisecond 32.768.

Pali msampha womwe unandidyera usiku wathunthu. Arduino ikamayaka imakhala itaika kale Timer1 pa PWM (njira yomwe analogWrite() imagwiritsa ntchito) ya ma bit 8, ndiye yambani ndi TCCR1A = 0 mu setup() kuti muzimitse PWM-yo, apo ayi muziona manambala opanda mutu. Dziwaninso kuti analogWrite() pa pini 9 ndi 10 komanso laibulale ya Servo zimadalira Timer1 yomweyo, sizingayendere limodzi ndi kuyeza kwanuku. Zotsatira muzisunga mu variable ya volatile (yomwe interrupt ingaisinthe nthawi iliyonse), ndipo poziwerenga mu loop() imitsani kaye ma interrupt kwa kamphindi, chifukwa ma byte awiriwo angasinthe mutangowerengako imodzi.

Manambala akakhazikika koma n'kumasiyanabe pang'ono ndi a osilosikopu (makina oonetsa ndi kuyeza siginolo), kayikirani wotchi ya bolodiyo. ATmega328P ya pa Uno R3 imayendera wotchi ya ceramic resonator, yomwe silondola ngati ya crystal.