Madzi atigwetsera khoma, thandizo tilipeza bwanji?

Funso: Ndimakhala kwa Mpondasi ku Mangochi. Shire atasefukira, khoma la kuchipinda linagwa, chimanga cha m'matumba chinanyowa mpaka kumera. Kodi ndipite ndekha kukhonsolo? — Mayi wa ana anayi

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Musathamangire kukhonsolo, yambirani kwa amfumu kuti komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zadzidzidzi ikulembeni. Mayinawo amakafika kwa DC, ndipo khonsolo ndiyo imatumiza lipoti ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi, ku Lilongwe kukapempha chimanga, zofunda ndi mapulasitiki ofolera. Khoma lakugwalo musalichotse akomiti asanadzalione, lijambuleninso pafoni. Koma kunena chilungamo, thandizoli kawirikawiri limakhala la pamimba ndi pogona basi, za njerwa musadalire. Pomanganso sunthirani kumtunda, kutali ndi pomwe madzi osefukira a mu 2024 anafika.